Dziko

Mawu akuti dziko amakula kapena kuchepa malinga ndi amene akuwanena. Ku Mwanza, mkulu akati "dziko la a Kanduku" kapena "la a Nthache", akunena dera la mfumu: minda ya manachesi, madambo ndi manda a makolo. Kwa mlaliki, dziko ndi Kanani amene Mulungu analonjeza Abrahamu. Pachipata cha Zobue, dziko ndi pasipoti ndi malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891.

Othawa nkhondo ku Tete atafika m'mudzi wa Kapise ku Mwanza mu 2015, anawalemba ngati a dziko lina, chonsecho ambiri ankamvana chinenero ndi eni mudzi. N'chifukwa chake kuno wofunsa kuti "kwanu n'kuti?" amafuna kumva mudzi ndi mfumu yake.