Mtsinje wa Kafue ndi Anthu Oujambula

Kafue unali mtsinje kalekale tauni isanabadwe. Umachokera kumpoto, kufupi ndi malire a Zambia ndi Congo, n'kudutsa m'dera la migodi ya kopa, kenako n'kudzakhotera kum'mawa kumene umamwazika m'chidambo chachikulu cha Kafue Flats. Pothera chidambocho mapiri amaupanikiza kuti utsikire ku Zambezi, ndipo pakhomo pa mapiriwo, makilomita osakwana 50 kumwera kwa Lusaka, m'pamene pali tauni ya Kafue. Abatwa ankakhala m'mabango akupha nsomba, Aila ndi Atonga n'kumatsitsira ng'ombe zawo kudambo madzi akaphwa. Mtsinje wawo ankausunga m'nyimbo ndi m'mayina a malo.

David Livingstone anawoloka Kafue mu Disembala 1855 akupita ku Quelimane, koma analibe kamera. Kamera inabwera pa ulendo wake wotsatira, womwe unayamba mu 1858. Ntchito yojambula inapatsidwa kwa mng'ono wake Charles, komabe zithunzi zimene zimakumbukiridwa mpaka lero ndi za John Kirk, dokotala wodziwa za zomera, amene ankajambula chifukwa chongokonda. Iye ankagwiritsa ntchito mapepala opaka sera, ndipo chojambulidwacho chinkayenera kukhala chosagwedezeka kwa kanthawi ndithu. N'chifukwa chake zithunzi zake za ku Zambezi ndi ku Shire zadzaza ndi milambe, matanthwe ndi nyumba, anthu n'kumaoneka mwa apo ndi apo. Mtengo umatha kudikira, mayi wosenza mtsuko sangaime.

Tauni inabwera ndi njanji. Mu 1906, chaka chimodzi mlatho wa pa Victoria Falls utatha, kampani ya Pauling inamanga mlatho wa sitima pa Kafue, wotalika mamita 427, wa zigawo 13, ndipo unatchuka kuti panthawiyo unali wautali kuposa yonse mu Africa. Pambali pake panamera siteshoni ndi masitolo. Apa n'kuti kampani ya Kodak itatulutsa kale kamera yotsika mtengo ya Brownie, ya dola imodzi, mu 1900, choncho mainjiniya, alimi achizungu ndi amishoni ambiri anali nazo zawozawo. Diso lawo linkathamangira chitsulo, sitima, mvuu kapena nyama imene awombera. Amuna amene anasenza zitsulozo, akapezeka pachithunzi, amakhala m'mphepete, opanda dzina. Amishoni a Primitive Methodist atatsegula sukulu yawo motsogozedwa ndi John Fell, imene lero ndi Kafue Boys ndipo inaphunzitsa Harry Mwaanga Nkumbula, mwana wachikuda anayamba kuima pakati pa chithunzi, koma ali pamzere, wojambulayo ali mphunzitsi wake. Mu 1949 bungwe la Beit Trust linaonjezera mlatho wa msewu, womwe zitsulo zake zinayamba zagwirapo ntchito pa mtsinje wa Thames ku London.

Ufulu wa 1964 unasintha Kafue mofulumira. Boma la Kenneth Kaunda linasankha malowa kukhala tauni ya mafakitale: feteleza wa Nitrogen Chemicals of Zambia anayamba kutuluka mu 1970, Kafue Textiles inkaluka nsalu, ndipo antchito anapatsidwa nyumba ku Kafue Estates. Anthu anabwera kuchokera m'zigawo zonse, a ku Chipata ndi ku Katete ali momwemo, Chinyanja n'kumamveka pamsika limodzi ndi Chitonga ndi Chibemba. Mwezi ukatha munthu ankavala suti yake, kupita kusitudiyo kapena kuimitsa wojambula woyendayenda, kuti atumize chithunzi kumudzi abale aone kuti zinthu zikuyenda.

Pano m'pamene mtima wanga umawawa. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, kutsukitsa kunali ndalama inanso, ndiye palibe amene akanawononga chithunzi pa dzuwa lolowa kapena pa kakowa, ana ali osajambulidwa. Komanso azungu a ku Rhodesia atalengeza ufulu wawo wachiwembu mu Novembala 1965, Zambia inakhala tcheru, makamaka asilikali a ku Rhodesia ataphulitsa milatho ingapo m'dzikomo mu 1979. Kuloza kamera pamlatho kunali kudziputira apolisi. Motero eni ake a tauni sanaujambule mokwanira mtsinje wawo m'zaka zimene unkasintha kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 damu la Kafue Gorge linatseka madzi kumunsi kuti apange magetsi, ndipo chakumapeto kwa zaka zomwezo damu la Itezhi-Tezhi linawatseka kumtunda. Chidambo chimene chinkasefukira ndi kuphwa motsatira mvula chinayamba kumvera zipata za madamu. Malo ena sanaumenso, ena anasiya kulandira madzi pa nyengo yake. Chitsamba chaminga cha mimosa chinalanda msipu, ndipo lechwe wa ku Kafue, gwape wa m'madzi amene kwawo n'kuchidambo chimenechi basi, anachepa. Pofika zaka za m'ma 1990 namasupuni, wonenepa ndi zonyansa za m'mafakitale, m'mipope ya zimbudzi ndi m'minda, ankaunjikana pamilatho mpaka madzi osaoneka. Akuluakulu amafotokoza mmene gombe linalili kale, koma ukawapempha alubamu upezamo maukwati ndi ubatizo.

Mafakitale anafooka m'zaka zomwezo, Kafue Textiles n'kudzatsekedwa, anthu ambiri n'kubwerera ku ukonde, kudimba ndi kumsika.

Foni ya kamera ndiyo inachotsa mtengo pa chithunzi. Lero mwana wasukulu, woyendetsa minibasi ya ku Lusaka, namwino wochokera ku ntchito ya usiku, aliyense angathe kuima pagombe n'kujambula nkhungu ya mu Juni ikukwera pamadzi, nkhwazi ili pamtengo wouma, kapena bwato likudula pakati pa mabango. Zimene ndimazikonda kwambiri ndi zija zimene chilengedwe ndi moyo wa tsiku ndi tsiku zalowererana: mayi akupala nsomba mapiri ali kumbuyo kwake, malole opita ku Chirundu akuwoloka mlatho msodzi ali pansi pake, mabwato atagonekedwa pamtunda kuyambira 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale pamene boma limaletsa usodzi kuti nsomba ziswane. Wojambula wotero saganiza kuti akulemba mbiri, koma chithunzi chake chimasonyeza pamene madzi anafika mwezi umenewo, kukula kwa nsomba imene inagwidwa, ndi kuchuluka kwa namasupuni.

Phindu la zimenezi laoneka posachedwa. M'chilala cha 2024, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, anthu wamba ndiwo anajambula minda youma ndi magombe otambasuka. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi la Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, asidi n'kulowa mumtsinje wa Mwambashi umene umathira mu Kafue, ndipo zithunzi za nsomba zakufa zinayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook mpaka kufika kwa anthu a kumunsi, kumene mapampu a ku Iolanda amatunga madzi omwedwa ku Lusaka. Zithunzi za m'nthawi ya atsamunda zikusungidwa ku National Archives ku Lusaka. Izi zatsopanozi zili m'mafoni amene amabedwa, kugwera m'madzi kapena kufufutidwa malo akadzaza, ndipo ndi ochepa amene amazitsukitsa n'kulemba kumbuyo kwake tsiku ndi malo.