Kapaipi kotulutsa magazi pa opaleshoni ya chiuno ndi bondo

Dokotala akachotsa mfundo yakutha ya m'chiuno kapena ya bondo n'kuikapo ina yachitsulo ndi pulasitiki, fupa lodulidwalo limapitiriza kukha magazi mkati. Pofuna kuti magaziwo asaundane pansi pa chilonda, madokotala ena amasiyamo kapaipi kowonda kamene pa Chipwitikizi amati dreno. Mbali ina ya kapaipiko imatulukira pakhungu n'kulowa m'botolo lopanda mpweya, lomwe limayamwa magazi pang'onopang'ono. Anamwino amalemba kuchuluka kwa magaziwo. Kawirikawiri kapaipiko amakazula pakatha maola 24 mpaka 48, chifukwa kakakhalitsa kamasanduka njira ya majeremusi.

Kale ankakaika pafupifupi kwa aliyense. Koma mu 2007 bungwe la Cochrane, litaunika kafukufuku wosiyanasiyana, linapeza kuti kapaipiko sikachepetsa kutukusira kwa chilonda. Kamathandiza kuti mabandeji asamanyowe msanga, koma oikidwa kapaipi ndi amene ankafunika kuwonjezeredwa magazi kawirikawiri, nkhani yaikulu kumadera kumene magazi amasowa m'zipatala. Lero madokotala ambiri sakaikanso. Amapereka mankhwala a tranexamic acid ochepetsa kutaya magazi. Choncho wodwala akatuluka ku opaleshoni wopanda kapaipi, achibale asaganize kuti dokotala waiwala.

Amene waikidwa asakakoke kapena kukapinda, ndipo womudikirira asatsegule botolo. Botolo likadzaza mofulumira, aitane namwino. Kunyumba, chilonda chikamatulutsa mafinya, thupi likatentha, kapena katumba wa mwendo akatupa n'kumapweteka, wodwalayo abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.