Ulimi wa Ndere ku Zanzibar ndi Kutentha kwa Nyanja

Mayi wa ku Biwi akagula mankhwala otsukira mano pagolosale, nkovuta kuti aganize za nyanja yamchere. Komatu ena mwa mankhwala amenewa amagwirana bwino chifukwa cha utomoni wotchedwa carrageenan, umene amaufinya kuchokera ku ndere za m'nyanja. Malawi alibe nyanja yamchere, koma anansi ake a ku Tanzania ali nayo, ndipo pa zilumba za Zanzibar ndere zimenezi amachita kulima. Eni akewo amazitcha mwani.

Ulimiwu unakhazikika m'chaka cha 1989, pamene mbewu za mitundu iwiri, cottonii ndi spinosum, zochokera ku Philippines zinabzalidwa m'midzi ya Paje ndi Jambiani. Katswiri wa zomera, Pulofesa Keto Mshigeni, anali atalimbikitsa kale ganizoli kwa zaka zambiri. Amene anaugwira mwamphamvu ndi amayi. Madzi akaphwera, iwo ankakhoma zikhomo mumchenga, kumanga zingwe, ndi kumangirirapo timaphukira ta ndere. Pakatha masabata asanu ndi limodzi ankakolola, kuyanika ndi kugulitsa. Amayi ambiri anayamba kugwira ndalama zawozawo, nalipirira ana sukulu ndi kukonza nyumba.

Zaka zoyamba pambuyo pa 2000, cottonii, amene ndiye wamtengo wabwino, anayamba kufa. Chifukwa chake nchakuti minda imeneyi ili pamadzi osaya. M'miyezi yotentha, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nyanja ikabwerera masana imasiya madzi ofika m'mawondo kapena kucheperapo, ndipo madziwo amafunda ngati a m'mphika. Kafukufuku wa Dr Flower Msuya wa pa Yunivesite ya Dar es Salaam anaonetsa kuti madzi amene kale sankapitirira madigiri 31 anafika pa 37 ndi 38. Dzuwa nalonso, limene ndere zimalifuna kuti zikule, likanyanya limaononga mtundu wa chomeracho ndi kuchifooketsa. Chikafooka chotero, tizilombo timalowerera, nthambi zimayera mbuu, kufewa ndi kuthothoka. Matendawa amatchedwa ice-ice, popeza nthambiyo imaoneka ngati madzi oundana.

Alimi ambiri anatsala ndi spinosum, wopirira koma wotchipa, ndipo ena anausiya ulimiwo. Akatswiri analangiza zosamutsira minda kumadzi akuya, kumene kuli kozizira ndiponso dzuwa silipweteka kwambiri. Langizo lake ndi labwino, koma kumeneko kumafuna bwato ndi munthu wodziwa kusambira, pamene amayi ambiri a pa zilumbazi sanaphunzitsidwe kusambira paubwana wawo. M'chaka cha 2006 Dr Msuya anayambitsa bungwe la Zanzibar Seaweed Cluster Initiative, limene linaphunzitsa amayi kupanga sopo, mafuta odzola ndi zakudya kuchokera ku nderezo, kuti zochepa zimene akolola ziziwapatsa ndalama zochulukirapo kusiyana ndi kuzigulitsa zouma kwa amalonda otumiza kunja.