Mankhwala ochepetsa vuto la tardive dyskinesia

Tardive dyskinesia ndi vuto limene limachititsa ziwalo zina za thupi kugwedezeka zokha mwini wake asakufuna. Kawirikawiri limagwira nkhope: munthu amatafuna m'kamwa mulibe kanthu, amatulutsa lilime kapena kuphethira pafupipafupi. Nthawi zina limafika ku zala, mikono ndi miyendo.

Vutoli limadza munthu akamwa kwa miyezi kapena zaka mankhwala otchinga ntchito ya dopamine mu ubongo. Ena mwa mankhwalawa ndi haloperidol, chlorpromazine ndi fluphenazine, omwe amaperekedwa kwa odwala matenda a maganizo m'zipatala zambiri kuphatikizapo za m'dziko muno, komanso metoclopramide woletsa nseru ndi kusanza. Okalamba ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, ndipo kwa ena vutoli silichoka ngakhale atasiya mankhwalawo.

M'mwezi wa April 2017, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America la Food and Drug Administration lidavomereza valbenazine, wogulitsidwa m'dzina la Ingrezza, kukhala mankhwala oyamba ovomerezeka a vutoli m'dzikolo. Mu August chaka chomwecho lidavomerezanso deutetrabenazine, wodziwika kuti Austedo.

Mankhwala awiriwa amatchinga puloteni yotchedwa VMAT2, motero dopamine wotuluka m'mitsempha ya ubongo amachepa ndipo kugwedezeka kumatsika. Valbenazine amamwedwa kamodzi patsiku, kuyambira pa mamiligalamu 40 sabata yoyamba, kenaka mlingo umatha kukwezedwa kufika pa 80. Komabe mankhwalawa sachiza vutoli kotheratu: wodwala akaleka kumwa, zizindikiro zimabwerera. Amathanso kudzetsa tulo ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Benzhexol, yemwe amathandiza pamene mankhwala a maganizo aumitsa thupi kapena kunjenjemeretsa manja, sathandiza pa tardive dyskinesia ndipo akhoza kukulitsa vutoli. Madokotala amathanso kuchepetsa pang'onopang'ono mlingo wa mankhwala oyambitsa vutolo, kapena kusinthira wodwala ku ena monga clozapine, omwe chiopsezo chake n'chochepa.

Wodwala sayenera kusiya yekha mankhwala a maganizo chifukwa matenda akhoza kuyambiranso mwamphamvu. Chofunika n'chakuti iye kapena achibale afotokozere achipatala msanga zizindikiro zikangoyamba, pakuti vutoli likadziwika mochedwa limavuta kulibweza.