Kuwerenga m'madazeni: nambala ikasintha malaya

Agogo amene ankalima fodya ku Kasungu chaka cha 1971 chisanafike ankachita masamu amene adzukulu awo a sekondale lero amawaona ngati achilendo. Makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi. Mlimi wolandira makobiri 30 ankadziwa pompo kuti ndi masheleni awiri ndi makobiri 6. Kwacha ndi tambala zitabwera mu February chaka chimenecho, ndalama zinayamba kuyenda m'makumi, koma 12 sanachoke. Akadali pa wotchi, m'miyezi ya chaka, pa dazeni ya mugolosale, ndi pa tepi ya mmisiri woyeza mitengo ya chigafa, pomwe mainchesi 12 amakwana futi imodzi.

Kalembedwe ka nambala kali ndi maziko ake, ndiko kuti, timaunjika zingati tisanasamukire kumanzere. Kusukulu maziko ndi 10, ndiye malo a nambala amakwera 1, 10, 100, 1,000. Maziko akakhala 12, malowo ndi 1, 12, 144, 1,728. Apa zizindikiro za 0 mpaka 9 zimaperewera. Pamafunika ziwiri zina, ndipo ambiri amalemba A m'malo mwa khumi, B m'malo mwa 11. Isaac Pitman wa ku England anasankha 2 ndi 3 zozondoka.

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi yatumiza mabelo 500 a fodya ku msika wa Chinkhoma. Mu 500 muli ma 144 atatu, kutsala 68. Mu 68 muli madazeni asanu, kutsala 8. Ndiye timalemba 358. Palibe belo lasowa m'lole. Chasintha ndi kaunjikidwe kokha. Chaka cha 1971 chomwecho chimalembedwa 1183.

Chimene chimandikopa ine kwambiri ndi kugawa. Khumi amagawika pawiri ndi pasanu basi, pomwe 12 amalola pawiri, patatu, panayi ndi pa 6 popanda chotsala. Abale atatu ogawana tambala 10, zomwe ndi sheleni imodzi, amasiya imodzi ili pakati, koma sheleni yomweyo ikakhala makobiri 12 aliyense amatenga anayi. Nchifukwa chake gawo limodzi mwa atatu, limene m'makumi ndi 0.333 yosatha, m'madazeni ndi 0.4, ndipo kota ndi 0.3.

M'madazeni chizindikiro chomaliza chimaulula zambiri. Nambala yothera pa 0, 3, 6 kapena 9 imagawika patatu; yothera pa 0, 4 kapena 8 imagawika panayi. Mabelo athu 358 aja akuthera pa 8, ndiye malole anayi angasenze mofanana, 125 iliyonse m'kawerengedwe ka masiku onse. Nambala zokana kugawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe, zikaposa 3, zimathera pa 1, 5, 7 kapena B yokha. Ndipo monga timaphatikizira zizindikiro poyesa ngati nambala igawika pa 9, m'madazeni njira imeneyi imayesa 11.

Vuto lili pa zisanu. Gawo limodzi mwa asanu limakhala 0.2497, zizindikiro zinayizo kumangobwerezabwereza, zomwe nzowawa kwa ife amene chilankhulo chathu chimawerenga zisanu n'chimodzi, zisanu n'ziwiri.

Sindikunena kuti sikelo za ku Chinkhoma zisinthidwe. Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a masamu: pophunzitsa maziko a nambala, musayambe ndi 0 ndi 1 za kompyuta. Yambani ndi chala chachikulu chikuwerenga mfundo zitatuzitatu za zala zinayi zotsalazo, mwana afike pa 12 ndi dzanja limodzi, dzanja linalo lizisunga madazeni mpaka 144.