Kusiyana kwa mleme wodya zipatso ndi mbalame yogwira nsomba

Anthu a ku Luwinga ndi madera ena a mumzinda wa Mzuzu amamwa madzi a m'damu la Lunyangwa, omwe amachokera m'nkhalango ya Kaning'ina. Zamoyo ziwiri zouluka zopezeka m'Malawi muno, mleme wodya zipatso wotchedwa Eidolon helvum ndi mbalame yogwira nsomba yotchedwa Ceryle rudis, zimaonetsa mgwirizano womwe ulipo pakati pa mitengo ndi madzi.

Mleme si mbalame. Uli ndi ubweya wachikasu, umabereka mwana mmodzi pachaka ndipo umayamwitsa. Mapiko ake, omwe ndi achikopa, amafika masentimita 80 ukawatambasula. Masana umalendewera m'mitengo italiitali, usiku umasaka zipatso monga masuku ndi nkhuyu podalira maso ndi fungo.

Mbalameyo ndi yamawangamawanga, yakuda ndi yoyera, ndipo kutalika kwake ndi masentimita 25. Imasaka masana. Imaima malo amodzi m'malere ikukupiza mapiko, kenaka n'kudziponya m'madzi kukagwira nsomba. Imakumba una m'gombe la mtsinje ndi kuikiramo mazira atatu mpaka 6.

Phindu la ziwirizi ndi losiyana. Mleme umafesa nkhalango: kafukufuku wa ku Ghana wa mu 2016 adapeza kuti umatha kukataya njere pamtunda wa makilomita 75 kuchokera pomwe udadya chipatso. Ku Kasanka m'dziko la Zambia, mileme miyandamiyanda imasonkhana kuyambira Okutobala mpaka Disembala chaka chilichonse. Mbalameyo ndi mboni ya madzi, chifukwa imafuna mtsinje wokhala ndi nsomba komanso magombe osagumuka.

Bungwe la IUCN lidaika mlemewu m'gulu la nyama zoyandikira chiopsezo mu 2008 kaamba ka ulenje ndi kudulidwa kwa mitengo, pomwe mbalameyi siili pachiopsezo. Poti mleme umabereka mwana mmodzi yekha, chiwerengero chake chikatsika chimachedwa kubwerera.

Choncho kudula mitengo ndi kuotcha makala kumaononga zonse ziwiri: mleme umasowa pogona ndi chakudya, ndipo dothi lokokoloka limadetsa madzi omwe mbalame imasakamo. Dothi lomwelo ndi lomwe limakwirira madamu. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, limapereka mphamvu kwa akuluakulu a boma zotetezera nkhalango ngati ya Kaning'ina.