WILLIAM RITTENHOUSE: MMISIRI WA MAPEPALA, MTUMIKI WA MPINGO

Lero tiyeni timve za munthu wina amene sanali wa Eklezia wathu, koma mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense wogwira ntchito ndi manja. Dzina lake ndi William Rittenhouse, Mkhristu wa mpingo wa Amenonaiti.

Poyamba tidziwe mtundu wa mpingo umenewu. M'chaka cha 1525, mu mzinda wa Zürich ku Switzerland, kudabuka gulu la anthu okana ubatizo wa ana, onena kuti munthu abatizidwe atakula ndi kuvomera yekha chikhulupiriro. Ankakananso kulumbira ndi kugwira zida za nkhondo. M'chaka cha 1536 wansembe wina wa Chikatolika wa ku Friesland, dzina lake Menno Simons, adasiya unsembe nalowa gulu lomwelo, ndipo otsatira ake adatchedwa ndi dzina lake. Anthu amenewa adazunzidwa kwambiri ndi mafumu a Chikatolika ndi a Chiprotestanti omwe: ena adawamiza m'madzi, ena adawatentha. N'chifukwa chake pamene William Penn adatsekula dziko la Pennsylvania ku America, nalonjeza ufulu wa chipembedzo, ambiri adaona ngati khomo lawatsekukira. Mabanja 13 ochokera ku Krefeld adafika m'chaka cha 1683, namanga mudzi wa Germantown pafupi ndi Philadelphia.

Rittenhouse adabadwa m'chaka cha 1644 kufupi ndi Mülheim, m'dziko la Germany. Adaphunzira umisiri wopanga mapepala, nakakhala zaka zingapo ku Holland, kumene luso limeneli lidali litapita patsogolo. Cha m'ma 1688 adaoloka nyanja pamodzi ndi banja lake, nakakhazikika ku Germantown. Tsono masiku amenewo pepala lililonse la m'maiko a Angerezi ku America linkachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo linali lodula ndi losowa. M'chaka cha 1690 iye adapangana ndi anzake ena, mmodzi mwa iwo William Bradford wosindikiza mabuku, namanga chigayo cha mapepala pa kamtsinje kothira mu Wissahickon. Chimenechi ndicho chidali choyamba m'maiko onse aja, ndipo padapita zaka ngati 20 chisanamangidwe china.

Kodi pepalalo ankalipanga bwanji? Anthu a ku Germantown ankalima fulakesi ndi kuomba nsalu za bafuta. Nsaluzo zikatha, sanza zake ankapita nazo ku chigayo. Kumeneko ankazidula, kuzinyika m'madzi, ndi kuzisinja ndi minsi ya mitengo yoyendetsedwa ndi mphamvu ya mtsinje, mpaka zitasanduka ngati phala. Mmisiri ankatunga phalalo ndi sefa, kulitsanyula kuti madzi atsike, kulipsinja ndi kuliyanika, pepala limodzilimodzi. Motero chinthu chimene ena akadataya kudzala chinkasanduka malo olembapo mau. Cha m'ma 1700 madzi osefukira adakokolola chigayo chonse. Nkhalambayo sidataye mtima ayi: William Penn adapempha anthu kuti aithandize, ndipo iyo ndi mwana wake Claus adamanganso china.

Koma katundu wolemera koposa adali wa mpingo. Amenonaiti a ku Germantown adalibe tchalitchi, ankangosonkhana m'nyumba za anthu. Adalibenso mbusa wodzozedwa. Choncho adasankha Rittenhouse kuti aziwalalikira, ndipo iye ndiye adakhala mlaliki woyamba wa Amenonaiti ku America. Ntchitoyo idali yopanda malipiro: mkati mwa mlungu ankasinja sanza, Lamulungu nkuimirira pamaso pa abale ake.

Padatsala vuto limodzi lalikulu. Pa mwambo wao, mlaliki wamba sankaloledwa kubatiza kapena kugawa Mgonero. Zimenezi zidali za mkulu wa mpingo wosanjikidwa manja, ndipo ku America konse kudalibe mkulu wotero. Ana adakula, ena nkufika pa msinkhu wa ukwati, osabatizidwa. Rittenhouse akadatha kungodzipatsa udindowo, pakuti panalibe womletsa. Koma sadafune kutenga chimene sadapatsidwe. Mpingowo udalemba kalata kwa abale ao a ku Altona, pafupi ndi Hamburg, kupempha kuti awatumizire mkulu. Yankho lidabwera lakuti ulendowo ngwautali ndi woopsa, kotero asankhe okha mmodzi mwa iwo. Ngakhale zidatero, iye adazengereza ndithu, poopa kulakwira mwambo. Pomaliza adavomera, koma asanabatize ndi mmodzi yemwe, adamwalira mu February 1708, ali ndi zaka ngati 64.

M'chaka chomwecho mpingo udamanga tchalitchi chake choyamba cha mitengo, ndipo mu May mnzake Jacob Gottschalk adabatiza anthu 11 ndi kugawa Mgonero. Pamalo pomwepo adamangapo tchalitchi cha miyala m'chaka cha 1770, chimene chilipobe. Chigayo chija chidakhala m'manja mwa banja lake mibadwo ingapo, ndipo mdzukulutubzi wake David Rittenhouse adatchuka monga katswiri wa za nyenyezi.

Kodi kuzengereza kwake kudali mantha kapena ulemu? Kudachedwetsa ubatizo wa anthu amene ankaufunitsitsa, zimenezo nzoona. Komabe munthu amene adamanganso chigayo ali wokalamba sitingamutche wamantha. Ankadziwa kuti chigayo ndi chake, koma mpingo si wake. Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, amene mumasonkhanitsa anthu kumene wansembe amafika mwakamodzikamodzi, mukuudziwa bwino mtolo umenewu: kutumikira mokhulupirika ndi kuima pamene udindo wanu ukuthera. Pa za ubatizo ife ndi Amenonaiti timasiyana, koma kuyambira 1998 mpaka 2003 nthumwi za mbali ziwirizi zidakhala pansi kukambirana za mabala akale ndi za mtendere.

Rittenhouse adasunga nkhosa zaka zambiri, koma tsiku la chikondwerero sadalione. Zimatero kawirikawiri m'munda wa Mulungu: wolima wina, wokolola wina. Tisatope nayo ntchito yathu poona kuti zipatso zikuchedwa.